Moyo wa Marcellin Champagnat Woyera, Tate wa Abulazala Ophunzitsa Anyamata Athu

Pa chaka chino cha Jubile ya mishoni yathu, pamene tikumbuka Abambo ansembe, Asisitere ndi aphunzitsi amene adagwira nchito ya Mulungu m'chigwa chino cha Bwanje, tayesa nkwabwino kulembanso m'kabuku aka mbiri ya munthu wina amene sadaponde dziko lino ndi kamodzi komwe, sadamve ndi dzina lomwe la Bwanje, namwalira zaka 61 Abambo oyamba a chipani cha Montfort asanafike ku Nzama. Ena adzafunsa kuti mlendo wotere alowa bwanji m'kabuku ka kwathu. Tiyankha kuti alowa ndi ana athu. Pakuti mnyamata wa m'midzi yathu ino akakhoza mayeso a Sitandade 8 nasankhidwa kunka ku Mtendere, ku Likuni kapena ku Zomba, akalowa m'sukulu zimene adazilera Abulazala a chipani cha Marist, ndipo dzina limene adzalimva kawirikawiri kumeneko ndilo la Champagnat. Makolo ambiri agulitsa thonje ndi mbuzi kuti mwana akafike ku sukulu zimenezo, koma sadziwa kumene zidachokera. Tsono mverani, Akristu anzathu, makamaka inu akatekisiti, pakuti mbiri iyi ikhudza nchito yanu koposa.

UBWANA WAKE

Marcellin adabadwa pa 20 Meyi 1789 pa kamudzi ka Le Rosey, m'parishi ya Marlhes, ku dziko la France, nabatizidwa m'mawa mwake. Adali mwana wachisanu ndi chinai mwa ana khumi. Kwaoko ndi dziko la mapiri, lozizira koposa Tsangano ndi Lizulu pa mwezi wa Juni. Anthu ake adali alimi ndi oweta nkhosa, ndipo pakhomo sadali kulankhula Chifalansa cha m'mabuku koma chinenero chao cha kumudzi. Chaka chomwecho chidabuka chipolowe chachikulu chimene eni ake achitcha Revolution. Mfumu ya dziko idaphedwa mu 1793, matchalitchi ambiri adatsekedwa, ansembe ena adaphedwa, ena nabisala m'nyumba za Akristu, ndipo sukulu za m'midzi zidapasuka. Motero ana ochuluka adakula osadziwa kuwerenga, osadziwanso katekisimu.

Atate ake, a Jean-Baptiste, adali mlimi ndi mwini mphero yoyenda ndi madzi, munthu wodziwa kulemba, amene adalandira udindo m'boma latsopanolo. Kwa iwo mwanayo adaphunzira kulima, kupala matabwa ndi kumanga ndi miyala. Mapemphero ndi zilembo zoyamba adaphunzira kwa amai ake, a Marie-Thérèse Chirat, ndi kwa azakhali ake a Louise, Sisitere amene chipolowe chidamtulutsa m'nyumba yake ya chipani, nadzakhala kwa mlongo wake.

Atasinkhuka adamtumiza ku sukulu ya pamudzi. Tsiku loyamba lomwe mphunzitsi adamuitana kuti adze kutsogolo adzawerenge. Ndipo m'mene Marcellin adali kunyamuka ndi manyazi ake, mnyamata wina wothamangira zinthu adamtsogolera. Mphunzitsi sadafunse kanthu, koma adamuomba mnyamatayo mbama yolimba, nambweza kumbuyo akulira. Marcellin sadamenyedwe iai, adangopenya. Koma pofika kwao adakana kubwereranso kwa mphunzitsi uja, ndipo ngakhale adamdandaulira, sadabwerere. China chidachitika pa phunziro la katekisimu: wansembe wophunzitsa, atatopa ndi mnyamata wosakhazikika, adamtcha dzina lonyoza pamaso pa anzake. Anawo adalitola dzinalo natuluka nalo kubwalo, namseka nalo masiku onse, kufikira mnyamata uja adasanduka wokwiya ndi wothawa anthu. Marcellin adazisunga zonse ziwiri mumtima, ndipo atakula adazisimba kawirikawiri kwa Abulazala ake. Ife akulu amene tikumbuka chikoti cha m'sukulu za kumudzi, ndi anzathu ena amene adachithawa nakhala osadziwa kulemba dzina lao kufikira imvi, sitidabwa nayo nkhani imeneyi.

Atasiya sukulu adagwira nchito ya pakhomo. Atate ake adampatsa ana a nkhosa, iye nawaweta, nawagulitsa, nagulanso ena, kotero kuti adasunga ndalama zokwana ma franc 600. Akadapitirira motero akadakhala wamalonda wolemera wa ku Marlhes.

KU SEMINALE

Chipolowe chitatha, dayosizi ya Lyon idasowa ansembe, ndipo akulu ake adatuma ena kuyendera midzi kufuna anyamata. Mu 1803 mmodzi wa iwo adafika pakhomo pa a Champagnat. Akulu ake a Marcellin adakana. Iye, wa zaka 14, adavomera. Pamenepo mpamene adalawa kuwawa kwa sukulu imene adaithawa. Atate ake adamwalira mu 1804. Adamtumiza kwa mlamu wake, Benoît Arnaud, mphunzitsi wa ku Saint-Sauveur, kuti amkonzere mutu. Koma mlamuyo, atayesa miyezi yambiri, adauza amai ake poyera kuti mwanayo alibe nzeru za m'mabuku, ndipo angotaya ndalama ndi nthawi. Amaiwo sadatsutsane naye. Adatenga mwana wao nayenda naye pansi ulendo wa mapemphero kunka ku La Louvesc, ku manda a Jean-François Régis Woyera, ndipo pobwera Marcellin adagula zobvala za ku seminale ndi ndalama zake za nkhosa zija.

Adalowa seminale yaing'ono ya Verrières mu Novembala 1805, ali ndi zaka 16, wamtali koposa anzake a m'kalasi, wosadziwa bwino Chifalansa, ndipo ang'onoang'ono adamseka. Chitatha chaka choyamba akulu a seminale adamuuza kuti asabwerenso. Amai ake adamchonderera, ndipo adamlandiranso. Sitibisa kuti zaka zimenezo sadali wangwiro: adalowa gulu la anyamata okonda phwete, ozemba kunka ku nyumba zomwera vinyo za m'mudzimo. Imfa ya bwenzi lake mu 1807, chidzudzulo cha aphunzitsi, ndi imfa ya amai ake mu 1810 zidamtembenuza. Adayamba kuwerenga usiku anzake atagona, ndipo ngakhale sadakhale woyamba m'kalasi ndi kale lomwe, adaoloka.

Mu 1813 adapita ku seminale yaikulu ya Saint-Irénée ku Lyon. Kumeneko adaphunzira pamodzi ndi Jean-Marie Vianney, amene timdziwa monga Bambo Mfumu woyera wa ku Ars, nayenso munthu wolemedwa ndi Chilatini. Ena mwa ophunzirawo, otsogoleredwa ndi Jean-Claude Courveille, pamodzi ndi Jean-Claude Colin, adapangana kuyambitsa chipani cha dzina la Maria, cha ansembe, Asisitere ndi Akristu eni ake. Marcellin adalowa nao, koma pa misonkhano yao adabwereza chinthu chimodzi kosalekeza, kuti pafunikanso Abulazala ophunzitsa ana a m'midzi. Anzakewo, atatopa ndi kumva, adamsiyira iye mwini nchitoyo. Adadzozedwa unsembe pa 22 Julaye 1816, ndipo m'mawa mwake adakwera ndi anzake ku tchalitchi cha Amai Maria pa phiri la Fourvière, napereka pangano lao m'manja mwa Virigo Woyera.

LA VALLA

Mu Ogasiti 1816 Bambo Champagnat adatumidwa ku La Valla kukathandiza Bambo Mfumu wa kumeneko. Parishiyo idali m'mbali mwa phiri la Pilat, anthu ake omwazika m'timidzi tambirimbiri ta m'zigwa ndi pa zitunda, kofikako ndi miyendo yokha. Amene adakwerapo pansi kuchokera kuno kuchigwa kunka ku mapiri a Ntcheu, atanyamula katundu wa Misa, adziwa maulendo otere. Bambo adayenda m'midzimo usana ndi usiku kwa odwala, nasonkhanitsa ana pa katekisimu. Ndipo kaphunzitsidwe kao kadali kokoma kotero kuti akulu omwe adayamba kukhala kumbuyo kwa ana kumvera nao.

Mbiri ya chipani isimba kuti pa 28 Okutobala chaka chomwecho adaitanidwa ku kamudzi ka Les Palais, kumtunda kwa phiri, kwa mnyamata wodwala wa banja la Montagne, wa zaka ngati 17. Pofuna kumlapitsa adapeza kuti mnyamatayo, wobatizidwa ndi wokulira m'dziko la Akristu, sadziwa kanthu za Mulungu. Adakhala pa mphasa yake maora awiri namphunzitsa zofunika, namlapitsa, napita kukaona wodwala wina pafupi. Pobwera adapeza maliro. Adatsika phirilo ndi chimwemwe kuti adafika nthawi isanathe, ndi mantha poganiza za ana ena osawerengeka a m'midzi yotere, amene wansembe sadzawapeza.

Sadadikire chilolezo cha Roma kapena thumba la ndalama. Adapeza kanyumba kakale pafupi ndi nyumba ya ansembe, nakakonza ndi manja ao, napala okha tebulo ndi mabedi awiri. Pa 2 Januwale 1817 adalowetsamo anyamata awiri: Jean-Marie Granjon, amene adakhalapo msilikali wa Napoléon, ndi Jean-Baptiste Audras, wa zaka zosafika 15. Awa ndiwo Abulazala oyamba, ndipo Bambo adawatcha Abale Aang'ono a Maria. Adali osaphunzira monga mwini wake kale. Adapemphera, naphunzira kuwerenga ndi kulemba, nalima dimba, ndipo pa nyengo yozizira adasula misomali yogulitsa kuti apeze chakudya. Posakhalitsa Bambo adatuluka m'nyumba ya ansembe nadzakhala nao, kudya chimene adadya iwo. Ansembe anzao ena adanyansidwa nazo, poyesa kuti wansembe wogwira nyundo ndi wogona pakati pa ana a alimi anyozetsa mkanjo.

Inu akatekisiti, taonani mmodzi wa oyambawo. Makolo a Audras adatuma mwana wao wamkulu kuti akatenge mng'ono wake abwerere kumudzi. Iye adafika, nacheza ndi Bambo, ndipo mapeto ake adakhala komweko. Ndiye Bulazala Laurent. Adapempha kuti amtume ku Le Bessat, mudzi wa pamwamba penipeni pa phiri, kumene kudalibe tchalitchi kapena sukulu. Mlungu ndi mlungu adatsikira ku La Valla kudzatenga kamba wake, mbatata ya kachewere, buledi ndi tchizi, nakwera nazo pamsana, ngakhale njira itakwiririka ndi chipale chofewa chija chigwa ngati ufa ku maiko ozizira. Adadziphikira yekha. M'mawa ndi madzulo adayenda m'mudzimo akuliza kabelu, ana namtsata, iye nawaphunzitsa mapemphero ndi zilembo. Sadali ndi setifiketi. Wina wa oyambawo adali Gabriel Rivat, amene adafika mu 1818 ali ndi zaka 10 zokha. Timpezanso kutsogoloku ndi dzina la Bulazala François.

SUKULU ZAO

Masiku amenewo ku France kudali kale Abulazala ena ophunzitsa, a chipani cha Jean-Baptiste de La Salle Woyera. Koma iwo sadapite ochepera atatu, ndipo malipiro ao adakhoza kuwalipira a m'mizinda okha. Bambo Champagnat adatuma ao awiriawiri, pa mtengo wochepa, ku midzi yosauka. Atayamba pa La Valla pomwe, adatsegula sukulu ku Marlhes kwao mu 1818, ku Saint-Sauveur mu 1820, ndi ku Bourg-Argental mu 1822. Ana ambiri adabwera pa miyezi yozizira yokha, pakuti dzuwa likatentha makolo adawafuna kubusa ndi kumunda, monga umo ana athu asowera m'kalasi pa nyengo yopalira ndi yotola thonje. Tsono Abulazala adafunafuna njira yoti mwana adziwe kuwerenga msanga. Bambo adasiya njira yakale yoloweza maina a zilembo, nalamula yatsopano yotchula chilembo monga chimveka m'mau. Adalowetsanso kuyimba m'sukulu zao, chinthu chosazolowereka m'midzi ya nthawi imeneyo.

Koma chachikulu chidali lamulo la kakhalidwe ka mphunzitsi. Adaletsa kumenya ana ndi kuwatcha maina onyoza, ngakhale aphunzitsi ena ndi makolo omwe adayesa kuti sukulu yopanda ndodo si sukulu. Adaphunzitsa kuti munthu sangalere mwana amene samkonda, ndi kuti awakonde onse mofanana, wochenjera ndi wochedwa kumva, wobvala bwino ndi wausiwa. M'malo mwa ndodo adaikamo maso: Bulazala akhale pamene pali ana, m'kalasi, panjira, ndi pabwalo la masewera. Nthawi yosewera sadaiyese yotayika iai, pakuti mphunzitsi adziwa mtima wa mnyamata pabwalo koposa pa benchi. Wodzikonda, wamantha, wachinyengo ndi woleza mtima aonekera pamenepo. Mpira wa miyendo monga tiudziwa lero kudalibe m'midzi imeneyo. Koma mwambo uja wakuti Bulazala atuluke ndi anyamata ake kubwalo udayamba pomwepo, ndipo mpira utabwera udapeza malo ake okonzeka.

MASAUTSO

Pofika 1822 anyamata ofuna kulowa adatha, ndipo Bambo adaopa kuti nchito ifera m'mazira. Mu Malichi chaka chomwecho adafika asanu ndi atatu pa tsiku limodzi, ochokera kutali. Amene adawatsogolera adawanyenga kuti akunka ku chipani cha La Salle, ndipo ataona kanyumba kosauka kaja adazizwa. Bambo adawayesa ndi nchito yakumunda masiku ambiri asanawalandire. Mmodzi wa iwo, Jean-Baptiste Furet, ndiye adadzalemba mbiri ya moyo wao, imene idatuluka mu 1856.

Mu Febuluwale 1823 Bambo adapita ndi Bulazala Stanislas kukaona Furet yemweyo, amene adadwala kwambiri ku Bourg-Argental. Pobwera usiku udawagwera paphiri, chipale chikugwa ndi mphepo, nasokera. Stanislas adakomoka. Bambo adagwada napemphera pemphero lija la kwa Amai Maria lotchedwa Memorare, namdzutsa mnzao. Ndipo atayenda pang'ono adaona nyali. Mlimi wina, amene masiku onse adapita ku khola lake podzera khomo la m'kati mwa nyumba, usiku umenewo adadzera panja ndi nyali m'dzanja. Adagona kwa iye, napulumuka.

Akulu ena a dayosizi adafuna kusakaniza Abulazalawo ndi gulu lina, naopseza kutseka nyumba yao. Mtendere udadza mu 1824, pamene Ambuye Gaston de Pins adayamba kuyang'anira dayosizi ya Lyon nawadalitsa. Chaka chomwecho Bambo adagula malo m'chigwa cha mtsinje wa Gier, pafupi ndi Saint-Chamond, malo a matanthwe amene anthu adawaseka nao, nayamba kumanga nyumba yokwana anthu 150, pamene iwo adali owerengeka ndi opanda ndalama. Ndiyo Notre-Dame de l'Hermitage, imene ilipo kufikira lero. Adalemba amisiri pang'ono. Nchito yotsala adaigwira Abulazala, Bambo patsogolo, akuswa thanthwe ndi piki, kusenza miyala ndi kumanga nao khoma. Adalowamo mu 1825.

Thupi lidalipira. Pa Khirisimasi ya 1825 adagwa ndi nthenda yaikulu, ndipo mbiri idamveka kuti akufa. Eni ngongole adathamangira kudzalanda nyumba. Bambo Courveille, amene adadziyesa mkulu wa onse, adalamulira Abulazala ndi ukali, kotero kuti ambiri adaganiza zobwerera kwao. Stanislas yemwe uja adawalimbitsa mtima, nadwazika wodwalayo usana ndi usiku, nakapempha Bambo Mfumu wa ku Saint-Chamond kuti athandize pa ngongole zofulumira. Tsiku lina Bambo, osakhoza kuyenda okha, adagwira mkono wa Stanislas nalowa m'chipinda mmene Abulazala adasonkhana; ndipo kuwaona kokhako kudabweza mitima. Mu 1826 Courveille adachoka, ndipo chaka chomwecho adachokanso Granjon, woyamba uja wa onse. Bala ili lidawapweteka koposa ngongole.

Tisayese kuti munthu woletsa ndodoyu adali wofewa pa zonse. Cha mu 1829 adalamula kuti Abulazala abvale masokosi ansalu osokedwa panyumba, asiye oluka ogula kunja, ndi kuti onse atsate njira yatsopano ija yowerengera. Ena adanyinyirika nasonkhanitsa maina pa kalata yokana. Bambo sadasunthike, ambiri adagonja, koma awiri otsogolera adatuluka m'chipani. Nkhani ya masokosi ioneka yaing'ono kwa ife, ndipo kapena munthu wina akadailekerera. Iwo adaona kuti pansi pake pali funso la umphawi ndi kumvera.

ZAKA ZOTSIRIZA

Chinthu chimodzi adachifuna zaka zambiri osachipeza, ndicho chibvomerezo cha boma la France. Popanda icho Abulazala achinyamata adakhoza kutengedwa kunka ku usilikali, sukulu nkutsala zopanda aphunzitsi; ndipo lamulo la maphunziro la 1833 lidafunanso kuti mphunzitsi aliyense akhale ndi setifiketi. Mu 1838 Bambo adakhala miyezi yambiri ku Paris, kuyenda ofesi ndi ofesi, kudikira pa makomo a nduna, kulandira malonjezo okoma opanda kanthu m'kati. Adabwerako chimanjamanja ndi thupi lofooka. Chibvomerezocho chidadza mu 1851, iwo atagona kale m'manda.

Ku Roma zidayenda bwino. Mu 1836 Papa Gregorio XVI adabvomereza ansembe a chipani cha Maria, nawapatsa zisumbu za ku Oceania kuti akalalikeko. Pa 24 Sepitembala Bambo Champagnat adachita malumbiro ao pamodzi ndi anzao, Bambo Colin nasankhidwa mkulu. Adalakalaka kupita nao ku zisumbuzo, koma adauzidwa kutsala ndi sukulu. M'malo mwao adapita Abulazala atatu, pa ulendo umodzi ndi Ambuye Pompallier ndi Bambo Pierre Chanel, amene adaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro pa chisumbu cha Futuna mu 1841. Kuyambira pamenepo zidadziwika kuti ana a La Valla sadzakhala a dayosizi imodzi yokha.

Nthenda ya m'mimba, imene lero tiitcha khansa, idakula kufikira sadakhoze kusunga chakudya. Pa 12 Okutobala 1839 Abulazala adasankha François, kamnyamata kaja ka zaka 10, kuti awatsogolere. Mu Meyi 1840 Bambo adalembetsa mau ao otsazika, nawapempha kuti akondane monga Akristu oyamba, napepesa kwa onse amene adawalakwira. Adamwalira pa Loweruka, 6 Juni 1840, mbandakucha, nthawi imene Abulazala adali kuyimba Salve Regina m'tchalitchi. Adali ndi zaka 51. Adasiya Abulazala ngati 280, sukulu 48, ndi ana ophunzira ngati 7,000.

NJIRA YOFIKA KWATHU

Abulazala adafika ku Cape Town mu 1867 ndi ku Canada mu 1885. Mu 1903 boma la France lidatseka sukulu za zipani, ndipo ambiri adabalalikira ku maiko ena. Chimene adani adachiyesa imfa chidakhala ngati kufesa. A ku Canada ndiwo adatifikira ife. Adayamba ku Kutama, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, mu 1939; mu 1946 adafika ku Nyasaland nakhala ku Mtendere, m'boma la Dedza; ndipo mu 1954 adafika ku Chassa, kum'mawa kwa Zambia, pakati pa anzathu olankhula chinenero chathu chomwechi.

Tikumbuke umo zidaliri kuno masiku amenewo. Abambo a Montfort adafika ku Nzama mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902, ndipo sukulu za m'midzi zidachuluka msanga mwa khama la aphunzitsi akatekisiti, makolo anu m'nchito. Koma kufikira 1940 m'dziko lonse mudalibe sekondale ndi imodzi yomwe; mnyamata Mkatolika wofuna kupitirira adali ndi makomo awiri, la seminale ndi la uphunzitsi. Itatsegulidwa sekondale ya Blantyre ya mipingo ina, Abambo a Montfort adatsegula ya Akatolika ku Zomba mu 1942, m'nthawi ya Ambuye Louis Auneau, ndipo pambuyo pake adaipereka m'manja mwa Abulazala a Marist. Ndiyo imene anthu aitcha Box 2, potsata nambala ya bokosi lake la makalata, monga umo atchera Box 48 sekondale ya boma ya Dedza, yotsegulidwa mu 1951. Anyamata a kale adalemba kumeneko mayeso ochokera ku Cambridge; a lero alemba a MSCE pa Fomu 4. Mwa amene adaphunzira ku Zomba muli alembi otchuka a dziko lino, Jack Mapanje ndi Steve Chimombo. Ku Likuni ndi ku Mtendere nakonso kudatuluka ansembe, aphunzitsi, madokotala ndi anchito a boma, ena mwa iwo ana a m'chigwa chino, amene adakwera msewu wa Khwekhwerere ndi kasutikesi kamodzi.

Amene adagonera ku sukulu zimenezo asimba zofanana: belu la m'mamawa, Misa, kalasi, nchito ya manja, ndipo dzuwa likapendeka onse kubwalo, ena ku mpira, ena ku liwiro, Bulazala ali pomwepo ndi wezulo, usiku kuwerenga mwakachetechete. Sitinena kuti ndodo sidaoneke konse m'sukulu za Akatolika za dziko lino, pakuti akulu angatitsutse. Koma pamene idaoneka idaswa lamulo la Champagnat. Ndipo pali china chimene chitidetsa nkhawa. Sukulu zimenezi zidatchuka, ndipo alowamo okhoza bwino koposa. Mwana wochedwa kumva, wonga Marcellin wa ku Verrières, kapena wa kumudzi wakutali wonga Montagne, kawirikawiri safikako. Otere atsala kuno, m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Bwanje, ndipo mphunzitsi wa za Mulungu amene adzampeza ndiye katekisiti wa pa tchalitchi chao chaching'ono. Lero Abulazala ambiri a chipanichi m'dziko muno ndi Amalawi, ndipo a ku Canada aja ambiri adatsikira kuli chete.

Papa Pio XII adatcha Bambo Champagnat Wodala pa 29 Meyi 1955. Papa Yohane Paulo II, yemwe adayendera dziko lathu mu 1989, adawalemba m'gulu la Oyera pa 18 Epulo 1999 ku Roma. Eklezia awakumbuka pa 6 Juni, tsiku la imfa yao. Kuno ikhala nyengo ya chisanu ndi ya misika ya thonje, ndipo anyamata athu a Fomu 4 ali pafupi kulowa m'chipinda cha mayeso.